Kufika kwa Akuluakulu a Kampani ya Mapulogalamu ndi Ganizo la Malonda

 Lero tikambirana za m'mene munthu wamba angafikire akuluakulu a kampani yopanga mapulogalamu a makompyuta, atanyamula ganizo la malonda limene afuna kuti iye ndi kampaniyo achitire pamodzi. Zitsanzo zathu zambiri tizitenga ku Kafue, pakuti mbiri ya tauni imeneyi ionetsa bwino chifukwa chake nkhaniyi yafika pakhomo pathu.

Kafue ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka. Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma linasankha malo amenewa kuti akhale mudzi wa mafakitale, poona kuti pali madzi a mtsinje, njanji ndi msewu waukulu. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kugwira ntchito mu 1970, ndipo m'tauni momwemo munali Kafue Textiles, kumene ankaomba nsalu. Nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwa m'nyengo yomweyo kuti muzikhala antchito a m'mafakitale a INDECO, bungwe la boma limene linali kuyang'anira makampani otere. Masiku amenewo wotsiriza sukulu ankafunika kudziwa kalata imodzi yokha, ndiyo yopempha ntchito. Akailemba bwino namuitana, kapitawo ankamuonetsa makina ake, ndipo pa kutha kwa mwezi ankalandira malipiro.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Lamulo logulitsa makampani a boma linakhazikitsidwa mu 1992, malire anatsegukira katundu wa kunja, salaula inadzaza misika, ndipo makina a ku Kafue Textiles anayamba kuzima. Mabanja a ku Estates, ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound adziwa okha mavuto amene anatsatira. Pambuyo pake kunabwera fakitale ya zitsulo ya Kafue Steel, kunabweranso ntchito yomanga malo opangira magetsi a Kafue Gorge Lower, imene inatha mu 2023. Koma malo a ntchito sakwanira ana onse otuluka ku Naboye ndi ku Kafue Boys chaka ndi chaka. Chotero mwana wa lero ayenera kuphunzira kalata yachiwiri, imene makolo ake ambiri sanailembepo.

Kalata yachiwiriyi ndiyo yopereka ganizo la malonda, ndipo isiyana kwambiri ndi yoyamba ija. Wopempha ntchito amati, "Ndilembeni ntchito, muzindilipira pa mwezi." Wobwera ndi ganizo la malonda amati, "Kumalo akutiakuti kuli anthu amene kampani yanu siinawafike, ine ndiwadziwa, ndipo tikagwirizana tonse tidzapindula." Woyambayo adalira satifiketi yake ndi chifundo cha bwana. Wachiwiriyo abwera ndi kanthu m'manja, ndipo ngakhale ali wamng'ono, akhala pampando monga mnzawo wa malonda. Achinyamata ambiri amasokoneza makalata awiriwa: amalowa mu ofesi ati akapereke ganizo, koma pakamwa pawo pamatuluka madandaulo a ulova. Mkulu wa kampani akangomva zimenezo amawatumiza ku ofesi yolemba antchito, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Tisanagogode pakhomo, tiyenera kudziwa m'mene eni nyumba amapezera chakudya chawo. Pulogalamu ndi malangizo olembedwa ndi akatswiri, ouza kompyuta kapena foni chochita: kuwerengera malipiro a antchito, kusunga kaundula wa odwala, kutumiza ndalama. Malonda ake sayenda monga a nsalu. Ku fakitale ya nsalu, mita iliyonse imadya thonje, utoto ndi magetsi akeake, kotero kuti mita yotsiriza imawononga ndalama pafupifupi zofanana ndi yoyamba. Pulogalamu imadya ndalama zambiri pachiyambi, pamene akatswiri alipidwa miyezi yambiri kuti ailembe ndi kuiyesa. Koma ikatha, kuipereka kwa munthu wina woonjezera kumafuna ndalama zochepa kwambiri. Motero phindu la kampani yotere lili pa kuchuluka kwa anthu amene agwiritsa ntchito pulogalamuyo nalipira. Chimene chimamsowetsa tulo mkulu wake ndi funso ili: anthu atsopano ndiwapeza kuti, ndipo ndidzawononga zingati kuti ndiwapeze?

Apa ndi pamene munthu wa ku Kafue ali ndi mwayi. Dziko lathu si lachilendo pa zinthu izi. Mu 1994 University of Zambia inakhazikitsa ZamNet, ndipo Zambia inakhala limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kulumikizidwa ku intaneti. Mu 2009 abale awiri, Brad ndi Brett Magrath, anayambitsa kampani yotumiza ndalama kudzera pa foni, imene pambuyo pake inatchedwa Zoona. Pulogalamu anali nayo, koma pulogalamu yokha siikanatha kulandira ndalama za mayi wa pamsika ndi kuzipereka m'manja mwa mwana wake ku Chipata. Panafunika anthu okhala m'timisasa m'mphepete mwa misewu, odziwika kwa anansi awo, owerenga ndalama mokhulupirika. Kampaniyo inakula chifukwa cha anthu amenewo, ndipo mu 2012 mabungwe a Omidyar Network ndi Accion anaikamo ndalama zawo. Timisasa ta Airtel Money ndi MTN timene tazungulira misika yathu tiphunzitsa chinthu chomwecho: akatswiri a ku Lusaka adziwa makompyuta, koma msika wa kwanu muudziwa ndinu.

Komabe kudziwa malo sikokwanira ngati kudziwako kuli m'mutu mokha. Nayi mfundo imene ndifuna kuti muitole pa zonse za lero: chimene mkulu wa kampani amagula ndi umboni. Maganizo amamfikira tsiku ndi tsiku, kuchokera kwa antchito ake, kwa abale ake ndi kwa alendo, ndipo ambiri ndi okoma powamva. Amene amasowa ndi munthu amene wayenda, wafunsa, wawerenga, nabwera ndi manambala olembedwa.

Tiyerekeze motere. Mtsikana wina wa ku Estates waona kuti amayi ogula nsomba kudoko la Chanyanya amamanga ndalama zambiri m'chitenje, amakongoza asodzi maukonde ndi ufa, ndipo ngongolezo sizilembedwa paliponse, kotero kuti mikangano siitha. Iye aganiza kuti pulogalamu ya pa foni yolembera ngongole ndi kulipirira ingathandize. Akapita kwa mkulu wa kampani ndi mawu okhawo, adzamyamikira ndi kumperekeza pakhomo. Koma atakhala milungu inayi padoko ndi kope m'manja, adzatha kunena kuti wacheza ndi amayi angati, angati mwa iwo ali ndi foni, mafoniwo ndi a mtundu wanji, amagula nsomba za ndalama zingati pa ulendo umodzi, amapita kangati pa mwezi, ndiponso netiweki imagwira pati ndipo imasowa pati. Adzakumbukanso kutchula kuti kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limatseka usodzi, chotero kwa miyezi itatu malondawo amaima. Mlendo akatchula yekha chovuta chotere asanafunsidwe, mkuluyo amatsimikiza kuti munthuyu adziwadi chimene ali kunena. Ndipo ngati amayi 10 avomera kale kuyesa, ndiye kuti mtsikanayo wabwera ndi msika m'manja.

Umboni ukakhalapo, sankhani kampani mosamala. Makampani a mapulogalamu sali amodzimodzi: ena amatumikira mabanki, ena masukulu, ena zipatala, ena alimi. Ganizo la nsomba likafika kwa opanga mapulogalamu a migodi lidzafa, ngakhale likhale labwino chotani. Werengani zimene kampani yalemba za iyo yokha pa intaneti, zimene manyuzipepala alemba, ndi zimene akuluakulu ake alankhula pamisonkhano. Gwiritsani ntchito pulogalamu yawo inu eni kwa milungu ingapo, kuti mudziwe pamene ichita bwino ndi pamene ilephera. Safunsa anadya phula. Palibe chochititsa manyazi ngati kuuza mkulu kuti apange chinthu chimene kampani yake inapanga kale chaka chatha.

Dziwaninso kuti tikamati akuluakulu sitinena munthu mmodzi. Pamwamba pali eni kampani ndi madayirekitala, amene amakumana kangapo pa chaka. Pansi pawo pali mkulu woyendetsa kampani tsiku ndi tsiku, ndipo iye ali ndi omthandiza: wina ayang'anira malonda, wina akatswiri olemba mapulogalamu, wina chuma. Aliyense ali ndi funso lake. Wa malonda afuna kudziwa kuti mubweretsa anthu angati. Wa akatswiri afuna kudziwa ngati pulogalamu imene ilipo ikwanira, kapena ngati adzachotsa antchito ake pa ntchito zina kuti alembe zatsopano. Wa chuma afuna kudziwa kuti ndalama zidzabwerera liti. M'kampani yaing'ono ya anthu 20 mungathe kuonana ndi mwini wake. M'kampani yaikulu khomo lanu ndi la mkulu wa malonda, ndipo iyeyo akakhutira ndiye adzanyamula nkhani yanu kupita nayo pamwamba. Kumlumpha ndiko kudzipangira mdani mu ofesi imene mufuna kugwira nayo ntchito.

Za kafikidwe kake, mwambo wathu unatiphunzitsa kale. Palibe amene amalowa ku Mkaika kukaonana ndi Kalonga Gawa Undi osadzera kwa nduna, ndipo palibe mnyamata amene amakamba za ukwati ndi makolo a mkazi popanda ankhoswe. Nkhoswe amanyamula mbiri yanu, naika dzina lake pachikole. M'malonda ndi chimodzimodzi. Kalata yochokera kwa munthu wosadziwika imagona pansi pa makalata ena, koma mawu a munthu amene mkuluyo amkhulupirira, akuti, "Muonane naye mwana uyu, ali ndi nkhani," amatsegula chitseko. Nkhoswe wotere angakhale mphunzitsi wanu wakale, mwini sitolo amene agwiritsa kale ntchito pulogalamu ya kampaniyo, kapena mnzanu wa kutchalitchi wogwira ntchito kumeneko. Ngati mulibe, pitani kumene anthu a ntchito imeneyi amasonkhana. Ku Lusaka kuli BongoHive, malo amene anakhazikitsidwa mu 2011 kuti achinyamata a luso la makompyuta ndi oyamba malonda azikumanirako. Kulinso chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda cha ku Lusaka, ndi chionetsero cha zamalonda cha ku Ndola, kumene makampani amaimika misasa yawo, ndipo antchito awo amakhala okonzeka kulankhula ndi aliyense.

Musanyoze mlembi wa mu ofesi, ngakhale mlonda wa pachipata. Mlembi ndiye asunga buku la nthawi ya bwana, ndipo kawirikawiri mlendo akatuluka, bwana amafunsa kuti, "Munthu uja mwamuona bwanji?" Mpatseni moni mwaulemu, tchulani dzina lanu ndi la amene wakutumani, ndipo nenani nkhani yanu m'mawu ochepa. Kumdikirira mkulu pa galimoto yake, kumtsatira kumaliro kapena kumuimbira foni usiku kumaoneka ngati kulimba mtima, koma kumatseka chitseko chimene chikanatseguka.

Kalata yanu, kaya ya papepala kaya ya imelo, isapitirire tsamba limodzi. Mudzailemba m'Chingerezi, pakuti ndicho chilankhulo cha maofesi athu, koma yambani mwaifotokoza m'chinenero chanu kwa agogo kapena kwa mwana wa giredi 7. Iwo akamva, ndiye kuti nkhaniyo yapsa. Mtsikana wathu uja angalembe motere: kuti iye ndi wakutiwakuti wa ku Kafue Estates, ndipo amtuma ndi a ujeni, kuti wacheza ndi amayi ogula nsomba ku Chanyanya ndipo wapeza vuto lakutilakuti, kuti pulogalamu ya kampaniyo ingathe kulithetsa, ndipo amayi 10 ali okonzeka kuyesa, kuti apempha mphindi 20 zoti adzaonetse zimene wapeza. Zokwanira zimenezo. Mawu okometsera, otamanda bwana ndi kampani yake, amangodya malo. Mawu odzichepetsa mopitirira, onena za umphawi wa kwanu, amasandutsa kalata ya malonda kukhala yopempha thandizo. Pakapita mlungu umodzi kapena iwiri popanda yankho, kumbutsani kamodzi mwaulemu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akakupatsani tsiku, nyamukani ku Kafue m'mamawa, pakuti minibasi siinyamuka isanadzaze, ndipo polowa mu Lusaka magalimoto amathithikana. Kuchedwa mphindi 10 pa msonkhano wa mphindi 20 ndiko kutaya theka la mwayi wanu. Valani zaukhondo, zosadzionetsera. Kwathu moni amatenga nthawi, timafunsana za ana ndi za mvula, ndipo ndi mwambo wabwino. Koma mu ofesi perekani moni waulemu ndi waufupi, ndipo mwini ofesi akafuna kumtalikitsa amtalikitse yekha. Yambani ndi vuto limene mwapeza. Mbiri ya moyo wanu adzaifunsa okha akaifuna. Lankhulani mphindi 5, ikani pepala la manambala patebulo, kenaka khalani chete mumve mafunso. Mafunso ovuta asakuopseni, chifukwa munthu amene alibe chidwi safunsa kanthu. Akakufunsani chimene simuchidziwa, nenani kuti mukafufuza ndipo mudzayankha pofika Lachisanu, ndipo Lachisanulo yankhani ndithu. Nambala imodzi yopeka ikagwidwa, manambala ena onse oona amafa nayo pamodzi.

Musanatuluke, mkuluyo ayenera kudziwa chenicheni chimene mufuna, ndipo chikhale chaching'ono, choti angathe kuvomera popanda kuitanitsa msonkhano wa madayirekitala. Mbiri ya M-Pesa ya ku Kenya itithandiza pano. Amene anakankha ganizo lake anali Nick Hughes, wantchito wa kampani ya Vodafone ku Britain. Iye sanapemphe akuluakulu ake kuti asinthe kampani yonse. Anapeza thandizo la ndalama ku nthambi ya boma la Britain yoona za chitukuko cha maiko ena, kotero kuti kampaniyo inangoika gawo lake, ndipo mu 2005 anayamba kuyesa ndi anthu mazana ochepa, obwereka ndalama ku bungwe la Faulu Kenya. Cholinga chinali chakuti azibweza ngongole kudzera pa foni. Poyesapo anaona kuti anthuwo ayamba kutumizirana ndalama okhaokha, ndipo pamene Safaricom inatsegulira M-Pesa dziko lonse mu Marichi 2007, inaitsegula monga njira yotumizira ndalama kumudzi. Kuyesa pang'ono kunachepetsa mantha a akuluakulu, kunaonetsanso msika weniweni. Chotero mtsikana wathu apemphe miyezi itatu, amayi 10, ndi katswiri mmodzi womuyankha pakavuta. Ndipo agwirizane pachiyambi pomwe za chizindikiro chimene adzadziwire kuti zatheka. Asaike miyezi yoyeserayo m'nyengo yotseka usodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ambiri amafunsa kuti, "Nanga akandibera ganizo langa?" Funso ili ndi loyenera, ndipo yankho lake liwawa pang'ono. Lamulo lathu la 1994 loteteza zolemba ndi zopeka za anthu limateteza pulogalamu imene yalembedwa, monga m'mene litetezera buku kapena nyimbo. Koma siliteteza ganizo lapakamwa lakuti kukanakhala bwino kukhala ndi pulogalamu ya ogula nsomba. Pali pangano losunga chinsinsi limene anthu a malonda amasainirana, koma akuluakulu ambiri sasaina pangano lotere ndi mlendo pa tsiku loyamba, poopa kuti mwina ganizo lomwelo ali kuligwirira kale ntchito. Chitetezo chanu chenicheni ndi chimene iwo sangathe kuchinyamula pa pepala: amayi aja adziwa inu, akhulupirira inu, ndipo doko mulidziwa ndinu. Onetsani zimene mwawerenga, koma maina a anthu ndi manambala a mafoni awo sungani. Kutero ndi nzeru ya malonda, ndiponso ndi kumvera boma, pakuti lamulo la 2021 loteteza mbiri za anthu sililola kugawa zinthu zotere mwachisawawa eni ake osadziwa.

Kuyesa kukayenda bwino, idzafika nthawi ya pangano lolembedwa, ndipo apa ndi pamene wamng'ono amapindula kapena kudyeredwa masuku pamutu. Mu 1980 kampani yaikulu ya IBM inali kukonza kompyuta yake yaing'ono ya patebulo, ndipo inafuna pulogalamu yoyendetsa makinawo. Nthumwi zake zinakambirana ndi kampani ya Digital Research ya Gary Kildall ku California, koma sanamvane. Microsoft, imene panthawiyo inali kampani yaing'ono yotsogozedwa ndi Bill Gates, mnyamata wa zaka zosapitirira 25, inalonjeza kupereka pulogalamuyo. Inaitenga kwa Seattle Computer Products, niikonza, ndipo kompyuta ya IBM inatuluka nayo mu Ogasiti 1981. Chinthu chachikulu chinali m'pangano: Microsoft inasunga ufulu wogulitsa pulogalamu yomweyo kwa makampani ena. Pamene makampani ambiri anayamba kupanga makompyuta ofanana ndi a IBM, anakagula pulogalamuyo kwa Microsoft, ndipo wamng'ono uja anakula kufikira kuti m'zaka za m'ma 1990 mtengo wake pamsika unaposa wa IBM yomwe.

Inunso powerenga pangano funsani mafunso awa. Kodi ndidzalipidwa motani, kamodzi kokha kapena gawo pa malonda aliwonse a anthu amene ndabweretsa? Kodi gawolo lidzapitirira kwa zaka zingati? Kodi panganoli lindiletsa kugwira ntchito ndi kampani ina, ndipo ngati litero, andipatsa chiyani posinthana ndi ufulu umenewo? Kampani ikafuna kundisiya, idzandichenjeza kutatsala miyezi ingati? Musasaine tsiku lomwelo. Pitani nalo kunyumba, mukaliwerenge ndi munthu wodziwa malamulo. Ndalama zolipira loya kwa ola limodzi ndi zochepa poyerekeza ndi zaka zogwira ntchito yolemeretsa ena. Kampani yokhulupirika siikwiya munthu akapempha masiku owerengera pangano. Lonjezo la pakamwa, ngakhale la bwana wokoma mtima, limachoka naye pamodzi tsiku limene iye asamukira ku kampani ina.

Konzaninso mapepala anu nthawi isanafike, pakuti kampani yolongosoka imavutika kulipira bizinesi imene siidziwika ku boma. Lembetsani dzina la bizinesi yanu ku PACRA, tengani nambala ya msonkho ya TPIN ku Zambia Revenue Authority, ndipo tsegulani akaunti ku banki m'dzina la bizinesiyo. Nanunso muli ndi ufulu wofufuza kampaniyo. Ku PACRA mungathe kuona ngati inalembetsedwa, ndi amene ali madayirekitala ake. Ndipo ngati pulogalamu yake isunga kapena kutumiza ndalama za anthu, kampaniyo iyenera kukhala ndi chilolezo cha Bank of Zambia. Musachite ulesi pa chimenechi. Ndalama za amayi a ku Chanyanya zikasowa, iwo sadzapita ku Lusaka kukafuna dayirekitala. Adzabwera pakhomo pa amayi anu ku Estates.

Chenjezo lina ndi la mphatso. Kwa mfumu timapita ndi nkhuku, ndipo kutero ndi ulemu wochitika poyera. Mu ofesi ya kampani, envulopu yopatsa manijala kuti akankhe nkhani yanu ndi chiphuphu, ndipo lamulo la 2012 loletsa ziphuphu limagwira a m'makampani a anthu wamba monga ligwirira a m'boma, wopereka ndi wolandira yemwe. Wina akakuuzani kuti bwana saoneka popanda kanthu ka m'thumba, dziwani kuti mwafika pakhomo lolakwika. Atsikana, mverani ichi: msonkhano wa malonda umachitikira mu ofesi, masana. Amene akuitanirani kumalo ogona alendo usiku sali kuganiza za nsomba za ku Chanyanya. Pitani ndi mnzanu wa m'bizinesi, ndipo kunyumba adziwe kumene muli.

Tsono tinene za kukanidwa, pakuti kudzachitika, mwina kangapo. Makolo anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo a m'maofesi nawonso sakonda kukana poyera. Mukamva kuti "tidzakuitanani," ndipo mwezi watha foni osalira ngakhale munakumbutsa, yankho mwalilandira. Musakwiye, ndipo musanyoze kampaniyo pa Facebook, chifukwa anthu a ntchito imeneyi ku Lusaka amadziwana. Lembani kalata yaifupi yothokoza, mufunsemo chinthu chimodzi: n'chiyani chikanayenera kukhalapo kuti avomere? Yankho lake ndi phunziro laulere. Mwina kampaniyo ilibe ndalama chaka chimenecho. Mwina msika wanu ndi waung'ono kwa iwo koma ndi wokwanira kwa kampani ina. Mwina manambala anu aonetsadi kuti malondawo sangapindule, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezo mutataya milungu inayi kusiyana ndi kudziwa mutataya zaka zinayi. Kope lanu la umboni likhalabe lanu, ndipo pakhomo lachiwiri mudzalankhula bwino kuposa pa loyamba.

Kwa inu aphunzitsi, nayi ntchito imene mungachite ndi kalasi popanda kompyuta ngakhale imodzi. Gawani ana m'magulu a anthu asanuasanu. Gulu lililonse lisankhe malonda amodzi a pafupi ndi sukulu: ogulitsa makala, ogulitsa feteleza ndi mbewu, oyendetsa matakisi, osoka mayunifolomu. Kwa milungu iwiri afunse eni malondawo, mwaulemu ndiponso atapempha chilolezo, za chimene chimawatayitsa nthawi kapena ndalama, ndipo alembe manambala. Kenaka gulu lililonse lilembe kalata ya tsamba limodzi, ndipo inu mukhale pampando monga mkulu wa kampani, muwapatse mphindi 5, muwafunse mafunso a mkulu wa malonda, a mkulu wa akatswiri ndi a mkulu wa chuma. M'phunziro limeneli muli masamu, muli Chingerezi, mulinso mwambo wa kulankhula ndi akulu. Mudzaona kuti nthawi zina mwana amene amakhala chete m'kalasi ndiye abwera ndi manambala olongosoka kuposa onse.

Makolo a ku Kafue Estates anamanga tauni yawo ndi manja, pa makina a feteleza ndi a nsalu. Ana awo ambiri sadzaitanidwa ndi belu la fakitale, koma adziwa misika, madoko ndi minda imene makampani a ku Lusaka afuna kuifika. Kudziwa kumeneko kukalembedwa m'kope, kukatsimikizidwa ndi manambala, ndi kuperekedwa mwaulemu pakhomo loyenera, kuli ndi mtengo wake, ndipo mwini wake ayenera kuutchula mosachita manyazi.